Penti yofiira pakhoma si chidziwitso: yankho kwa mayi wa mumzinda wa Zomba

Mayi,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndiyambe ndakupepesani chifukwa cha imfa ya bambo akunyumba kwanu. Mwafotokoza kuti mumakhala m'dera lina la mzinda wa Zomba, m'nyumba imene malemuwo anamanga zaka zoposa 20 zapitazo pamalo amene anagula kwa munthu wina amfumu akuchitira umboni, ndipo kutsogolo kwa nyumbayo kuli okala yanu ndi zipinda zitatu za lendi. Masabata awiri apitawo kunabwera anthu atanyamula tepi yoyezera, anakhoma zikhomo, anapaka chizindikiro cha X ndi penti yofiira pa okalayo ndi pa zipinda ziwiri, n'kukuuzani pakamwa kuti msewu ukukulitsidwa ndipo pamalopo padzakhala siteji ya maminibasi ndi akabaza. Pepala sanakusiyireni. Mukufuna kudziwa ngati muyambe kusasula malata nokha monga achitira anzanu ena, komanso ngati chipukutamisozi chidzakhalepo.

Musasasule kanthu. Penti yofiira imangosonyeza kuti oyeza malo anadutsa, ndipo pamaso pa lamulo siikulamulani kuchita chilichonse. Chimene chimayambitsa masiku owerengedwa ndi kalata yolembedwa, yochokera ku ofesi yodziwika, yotchula lamulo limene ofesiyo yatsamira. Anzanu amene ayamba kugwetsa okha ndikuwamvetsa, chifukwa akuopa kuti katapila wogwetsa nyumba akabwera sadzapulumutsa ngakhale khomo limodzi, koma akuwononga umboni wawo womwe. Wowerengera mtengo akadzafika n'kupeza mulu wa njerwa zosweka pamene panali chipinda cha simenti pansi ndi magetsi, adzalemba zimene waona.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 ndiwo maziko a nkhani yonseyi. Gawo 28 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu ndipo asalandidwe katunduyo mwachisawawa. Gawo 44 limalola boma kutenga katundu wa munthu pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yopindulira anthu onse, mwini wake wadziwitsidwa mokwanira, ndiponso wapatsidwa chipukutamisozi choyenera, ndipo limaonjeza kuti khomo lakukhothi likhale lotsegula nthawi zonse. Gawo 43 limakupatsani ufulu wakuti ofesi iliyonse ya boma, khonsolo ili momwemo, ikamapanga chiganizo chokhudza inu itsate lamulo, ichite mwachilungamo, ndipo ikuuzeni zifukwa zake molemba. Ndikuuzeni poyera kuti pa mfundo yoyamba ija, yakuti ntchito ikhale yopindulira anthu onse, n'zovuta kupambana. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu wa M3 pa Chinamwali madzulo, n'kuona minibasi ikutsitsa anthu pamsewu penipeni akabaza akulambalala mbali zonse, sangatsutse kuti siteji yabwino ikufunika. Woweruza sadzaletsa msewu chifukwa choti okala yanu ili panjira. Pamene muli ndi mphamvu ndi pa chidziwitso ndi pa ndalama.

Funso limene lidzagamula zambiri ndi lakuti malo mwakhalapowo ndi amtundu wanji, chifukwa lamulo lili ndi njira ziwiri zosiyana, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Ngati malowo ndi anu movomerezeka, boma liyenera kuwatenga potsata lamulo la Lands Acquisition and Compensation Act. Pamenepo nduna yoona za malo imapereka chidziwitso kwa eni malo, chidziwitsocho chimasindikizidwanso mu Gazette, nyuzipepala imene boma limalengezeramo zinthu zake, ndipo aliyense amene akuti ali ndi gawo pamalopo amapatsidwa miyezi iwiri kuti apereke tsatanetsatane wa zomwe akudandaula. Chidziwitso chakuti muchoke nachonso nthawi zambiri sichiyenera kukupatsani nthawi yochepera miyezi iwiri. Koma ngati akuluakulu akuti munamanga pamalo osaloledwa kapena popanda chilolezo cha mapulani, amagwiritsa ntchito lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988. Pansi pa lamulo limeneli amakupatsani kalata yokulamulani kuti mukonze kapena mugwetse chimene munamanga, ndipo kawirikawiri sipakhala chipukutamisozi. Ndiye mukuona kuti X mmodzi yemweyo akhoza kutanthauza zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri, ndipo simungadziwe kuti wanu ndi uti mpaka mutaona pepala.

Apa ndiyenera kukamba za kalata ya amfumu, ngakhale ndikudziwa kuti sizikusangalatsani. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo inakwezedwa kukhala mzinda mu 2008, koma midzi yambiri inalipo kale malire a tauni asanaifike, n'chifukwa chake mafumu akadali ndi ulemu waukulu m'madera monga Chikanda ndi Mpondabwino. Ulemuwo ndi woona, koma malo ambiri a mkati mwa mzinda ali m'manja mwa unduna wa zamalo, khonsolo, bungwe la Malawi Housing Corporation, kapena anthu amene ali ndi lizi. Pamalo oterowo mfumu ilibe mphamvu yogawa kapena kugulitsa, ndipo chidindo chake chimangotsimikiza kuti ndalama zinaperekedwa ndipo munthu analowa pamalopo tsiku lakutilakuti. Chimodzimodzinso malisiti a msonkho wa nyumba wa kukhonsolo, bilu ya madzi ndi mita ya magetsi: zonsezi ndi umboni wabwino wakuti mwakhalapo nthawi yaitali ndipo maofesi ankadziwa, koma sizisandutsa munthu kukhala mwini malo. Mwina munamvapo kuti munthu akakhala pamalo zaka 12 popanda womusokoneza malowo amakhala ake. Lamulo limenelo lilipodi, koma limagwira pa malo a munthu wamba, osati pa malo a boma.

Palinso nkhani ya malo osungidwira msewu. Msewu uliwonse wovomerezeka uli ndi malo ake m'mbali monsemo, ndipo pa misewu ikuluikulu yoyang'aniridwa ndi Roads Authority muyezo wodziwika ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Misewu ing'onoing'ono ya m'makwalala imakhala ndi muyezo wocheperapo. Poti penti yapakidwa pa okala ndi zipinda zakutsogolo zokha, nyumba yaikulu n'kuisiya, ndikuganiza kuti oyezawo ankatsata mzere umenewu. Ngati n'choncho, funsani kuti msewuwo uli m'gulu liti, muyezo wake ndi wotani, ndipo unakhazikitsidwa liti, chifukwa pali kusiyana pakati pa munthu amene anamanga m'malo a msewu ndi munthu amene msewu wamupeza atamanga kale.

Ngakhale zitapezeka kuti mapepala anu ndi ofooka, musataye mtima msanga. Kalata yolamula kugwetsa iyenera kunena chimene mwalakwitsa, kukupatsani nthawi, ndipo muli ndi ufulu wochita apilo. Masiku ochitira apiloyo ndi ochepa, choncho tsiku limene mwailandira mulilembe pakona pa kalatayo n'kuthamangira nayo kwa loya. Chinanso, fufuzani kuti ndalama za ntchitoyo zikuchokera kuti. Mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank ali ndi malamulo awoawo amene amafuna kuti ngakhale anthu opanda mapepala a malo alipidwe pa nyumba ndi zina zimene anamanga, ndipo athandizidwe posamuka, malinga ngati analipo tsiku la kalembera wa anthu okhudzidwa ndi ntchitoyo lisanadutse. Pachifukwa chomwecho musamange china chilichonse chatsopano. Alipo ena amene akangomva za chipukutamisozi amaumba njerwa usiku n'kuimika kachipinda, koma zomangidwa kalembera atadutsa siziwerengedwa, ndipo zimachititsa kuti owerengera ayambe kukayikira ngakhale zinthu zenizeni.

Vuto limene likundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu simunalifunse n'komwe. Mwanena kuti pepala logulira malo lili m'dzina la malemu. Boma likamalipira limalipira munthu amene dzina lake lili pa mndandanda, ndipo katundu wa munthu womwalira amayendetsedwa ndi amene khothi lamupatsa makalata oyendetsera chuma chamasiye. Lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Komabe lamulo silidziyendetsa lokha. Zimachitika kuti tsiku la kalembera mayi wapita ku msika kukaoda katundu, pakhomo papezeka mlamu, ndipo dzina lolembedwa n'kukhala la mlamuyo. Kulichotsa pambuyo pake kumatenga miyezi. Yambani tsopano kufunsira makalatawo, mutenge chiphaso cha imfa, umboni wa ukwati wanu ndi mayina a ana onse a malemu, kuphatikizapo amene anabereka kwina ngati alipo, chifukwa kuwabisa kumadzagwetsa ntchito yonse mtsogolo. Pamene mukudikira, uzani aliyense wapakhomo kuti olemba mayina akabwera aitane inu.

Tsiku lowerengera mtengo likadzafika mudzakhalepo nokha, ndipo muyende nawo limodzi owerengerawo. Lamulo la kutenga malo, monga linakonzedwera mu 2017, silikamba za makoma okha: limatchulanso kutaya malo, kutaya bizinesi, ndalama zosamukira, kusokonezeka kwa moyo wa pakhomo, ndiponso ndalama zolipira akatswiri amene mwawafunsa nzeru. Choncho mpanda wa njerwa, chimbudzi, bafa, thanki ya madzi, mtengo wa mango kapena wa mapeyala umene uli m'kati mwa zikhomo, zonsezo muzionetse ndipo muone kuti zalembedwa. Jambulani chipinda chilichonse mkati ndi kunja lero lomwe, mujambulenso zikhomo ndi penti. Kope limene mumalembamo malonda a mu okala ndi ngongole za makasitomala, ngakhale litathimbirira ndi mafuta ophikira, ndi umboni wa phindu lanu la pamwezi, ndipo kope la lendi ndi chimodzimodzi. Ngati msewu utenga kutsogolo kokha koma n'kusiya nyumba yaikulu ilibe polowera kapena itayandikana kwambiri ndi ngalande, nenani kuti zimenezonso zilembedwe, chifukwa kutsika mtengo kwa gawo lotsala kumawerengedwa. Musasaine fomu imene simunaimve. Pemphani kuti akuwerengereni m'Chichewa, akupatseni yanu, ndipo ngati mtengo wake simukugwirizana nawo muli ndi ufulu wofuna katswiri wanu wovomerezeka kuti awerengerenso.

Anthu a lendi musawathamangitse chifukwa cha penti. Pangano lanu ndi iwo likadalipo, ndipo ngati amalipira pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi wathunthu. Auzeni zoona zake za zimene zikuchitika, ndipo nawonso alembetse mayina awo pa kalembera.

Za kukhothi zili motere. Njira yotsutsira chiganizo cha ofesi ya boma ndi kupempha Khothi Lalikulu kuti liunikenso chiganizocho, ndipo simufunika kupita ku Blantyre chifukwa khothi limeneli lili ndi nthambi ku Zomba konkuno. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017 amati munthu ayambe wapempha chilolezo cha woweruza, ndipo pempholo lifike msanga, pasanathe miyezi itatu chiganizo chitapangidwa. Woweruza sayang'ana ngati msewu ndi wabwino kapena woipa. Amayang'ana ngati amene anapanga chiganizo anali ndi mphamvu, anatsata ndondomeko, ndiponso anakumvani. Mukhoza kupemphanso chiletso kuti asagwetse kanthu mlandu usanathe, koma mudziwe kuti chiletso sichiperekedwa ngati mphatso: wopempha nthawi zambiri amalonjeza kuti adzalipira zimene mbali inayo yataya ngati zitadzapezeka kuti chiletsocho sichinayenere, ndipo khothi likaona kuti vuto lanu ndalama zikhoza kulithetsa limazengereza kuimitsa ntchito ya anthu onse. Malangizo anga ndi akuti mabanja onse amene apakidwa penti mugwirizane, musankhe oimira awiri kapena atatu ndi loya mmodzi, kuti mtolo wa ndalama upepuke. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi ku Zomba. Ofesi ya Ombudsman imalandiranso madandaulo a kusayenda bwino kwa ntchito za boma kwaulere, koma musadalire imeneyo pa zinthu zachangu monga katapila amene waima kale pamsewu.

Sabata ino lembani kalata yaifupi kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo ya mzinda, popeza khonsolo ndiyo imaona za mapulani mumzinda ngakhale ntchitoyo itakhala ya ofesi ina. Tchulani dzina lanu, dera, nambala ya puloti ngati ilipo, ndi tsiku limene penti inapakidwa. Funsani kuti anatuma oyezawo ndani, ntchitoyo ikuchitika pansi pa lamulo liti, pulani yake mungakaione kuti, malo anu ali m'gulu liti m'mabuku awo, ndiponso kalembera ndi kuwerengera mtengo zidzachitika liti. Nenani kuti mukupempha yankho lolemba motsatira gawo 43 komanso lamulo la Access to Information Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mupite ndi makalata awiri ofanana, imodzi muisiye, inayo akudindireni chidindo chosonyeza tsiku n'kubwerera nayo kunyumba.

Zonse ndalembazi ndatengera zimene mwandiuza, mapepala anu ndisanawaone. Pokakumana ndi loya mutenge pepala logulira malo, kalata ya amfumu, malisiti a khonsolo, chiphaso cha imfa, zithunzi ndi kalata yodindidwa ija, koma zenizenizo zizikhala ndi inu, kwa ena muzipereka mafotokope. Zikhomo zimene oyeza anakhoma musazule ndipo ana asaseweretse, chifukwa kuchotsa zizindikiro za oyeza malo ndi mlandu, komanso katswiri wanu akadzabwera adzayambira pa zikhomo zomwezo poyeza mtunda wochokera pakati pa msewu kufika pakhoma la okala.