Bambo a mwana akukana ubatizo wa khanda lathu

Azakhali,

Ndine Mkatolika, ndipo ndinakwatiwa ndi mwamuna wa mpingo wa Baptist, koma ukwati tinadalitsira ku tchalitchi kwathu. Mwana wathu woyamba wakwanitsa miyezi inayi, ndipo bambo ake akukana kuti abatizidwe, ati khanda silingalape kapena kukhulupirira. Mayi anga akundiuza kuti ndipite naye kwa wansembe mwamseri amuna anga akachokapo. Kodi ndiwamvere?

Mayi wothedwa nzeru

Mwana wanga,

Zamserizo zitayeni. Malamulo a mpingo wanu amalola kuti khanda libatizidwe ngakhale kholo limodzi lokha litavomera, koma tsiku limene amuna anu adzamve za ubatizowo kwa anthu ena, nkhani ya madzi idzakhala yaing'ono poyerekeza ndi yakuti munawabisira chinthu chokhudza mwana wawo.

Musawatenge ngati munthu wamakani chabe. Iwo amawerenga Marko 16:16, pamene kukhulupirira kwatchulidwa ubatizo usanatchulidwe, ndipo amaona kuti ubatizo ndi umboni wa munthu amene wasankha yekha kutsatira Khristu. Inu mumayang'ana Machitidwe 16, pamene Lidiya ndi woyang'anira ndende wa ku Filipi anabatizidwa pamodzi ndi a m'nyumba zawo, ndipo mumaona chisomo chimene Mulungu amapereka mwana asanachite kanthu. Mutuwo sunena ngati m'nyumbazo munali makanda, n'chifukwa chake mkanganowu sunathe. Cha m'ma 200 A.D., Tertullian, mlembi wa Chikhristu, ankalangiza kuti ana ayambe akulako asanabatizidwe, pomwe patapita zaka pafupifupi 50 Cyprian, bishopu wa ku Carthage, anati ngakhale kudikira tsiku lachisanu ndi chitatu mwana atabadwa n'kosafunika. Mu 1527 olamulira mzinda wa Zurich, ku Switzerland, anapha mlaliki wina dzina lake Felix Manz pomumiza mumtsinje wa Limmat chifukwa chobatizanso anthu akuluakulu amene anabatizidwa kale ali makanda. Ndiye musayembekeze kuti inu awiri mugonjetsana ndi mavesi usiku umodzi.

Pali china chimene simunachitchule. Mkatolika akamakwatirana ndi wa mpingo wina, amalonjeza kuchita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Chikatolika, ndipo mnzakeyo amadziwitsidwa za lonjezolo, ngakhale iye salonjeza kanthu. Akumbutseni amuna anu modekha kuti zimenezi anazimva ukwati usanachitike, ndipo inunso mukumbukire kuti munalonjeza kuyesetsa, osati kukakamiza.

Kenaka afunseni chimene akuopa kwenikweni. Nthawi zambiri bambo wotere amada nkhawa kuti mwanayo adzakula akudziyesa Mkhristu popanda kusankha yekha, kapena kuti apongozi ndi amene akulamula m'nyumba mwake. Pa mfundo yachiwiriyi, pakali pano ali ndi chifukwa chodandaulira. Auzeni mayi anu mwaulemu kuti nkhaniyi akusiyireni, ndipo inu ndi amuna anu mupite limodzi kwa wansembe ndi kwa abusa, mukafunse chimene mpingo uliwonse udzanene mwanayo akadzakula n'kufuna ubatizo womiza.

Azakhali