Musafulumire kuchoka pa sukulu ya mkaka imeneyo

Mayi, nkhani ya mkulu wa sukulu imene mukugwirako ntchito ya ulezi, amene akungolemba ana atsopano osawonjezera alezi yandikumbutsa zimene ndinakumana nazo, ndipo mtima ukundiwawabe pamene ndikulemba izi.

Ndinagwira ntchito ya ulezi zaka zitatu. M'chaka chomaliza anzanga atatu anasiya motsatizana, koma mkulu wathu, m'malo molemba ena, anathera ndalama popenta mpanda ndi kuika chikwangwani chachikulu chokopa makolo. Tsiku lina ndinatsala ndekha ndi ana 34 a zaka ziwiri ndi zitatu. Ndili mkati mosambitsa mwana amene anadziipitsira, ndinamva kukuwa m'kalasi, ndipo nditathamangirako ndinapeza kamtsikana kali pansi kakuphupha, maso atatembenuka, thupi lili moto. Ndinakagoneka chammbali uku ana ena akulira ndi kundikoka zovala, kenaka ndinatsegula buku la manambala a makolo n'kupeza kuti nambala ya mayi ake inali yakale, chifukwa bukulo silinakonzedwepo chiyambire chaka. Panalibe aliyense amene anatiphunzitsapo chochita mwana akakomoka. Mwanayo anachira, koma madzulo a tsiku lomwelo mkuluyo anauza makolo, ine ndili pomwepo, kuti ndinali wosasamala.

Munthu ameneyu sanakhalepo nafe pansi n'komwe kukambirana kuti mlezi mmodzi asamale ana angati, ndani alowe m'malo mnzake akadwala, kapena malipiro abwere liti kuti alezi asamathawe. Zimenezi ndi zimene mtsogoleri amayenera kukonza chaka chisanayambe, chifukwa mwana wamng'ono amaphunzira kulankhula ndi kudzidalira kudzera mwa munthu wamkulu amene wamuzolowera, ndipo nkhope zikamasintha mwezi ndi mwezi amangokhala wamantha. Pa sukulu ya Perry Preschool ku Ypsilanti, m'chigawo cha Michigan ku America, imene inayamba mu 1962, mphunzitsi mmodzi ankasamala ana asanu kapena asanu ndi mmodzi ndipo ankayendera mabanja awo sabata iliyonse, ndipo anawo atakula ambiri anamaliza sekondale kuposa anzawo amene sanalowe nawo. Zimenezo zinatheka chifukwa otsogolera anasankha kuika chuma chawo pa aphunzitsi.

Ine ndinachoka mawa lake osatsanzika, koma inu musatero, chifukwa ana amene akuzolowerani ndi amene adzavutike. Lembani kalata yosonyeza chiwerengero cha ana ndi alezi m'kalasi iliyonse, musunge kope lanu, ndipo mupemphe kuti komiti ya makolo iione. Musamutenge mkuluyo ngati mdani, mwina nayenso akupanikizidwa ndi eni sukulu. Komabe tsiku limene adzakusiyeni nokha ndi gulu lotere, kanani kulowa m'kalasi kufikira atabweretsa wina wokuthandizani.