Kodi ndiwagulire galu bambo anga kuti akhale ndi moyo wautali?

Mayi wina wandilembera imelo kuti bambo ake amadwala mtima ndipo amakhala okha chimwalirireni akazi awo. Iye anamva kuti oweta agalu safa msanga, ndiye akufunsa ngati awagulire galu.

Mayi, zimene munamvazo si mphekesera ayi. Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 3.4 miliyoni a zaka 40 mpaka 80, amene anawatsatira kwa zaka pafupifupi 12. Kumeneko lamulo limati galu aliyense alembetsedwe kuboma, choncho kudziwa amene ali naye sikunavute. Mwa anthu okhala okha, amene anali ndi galu chiopsezo chawo cha imfa chinali chotsika ndi 33 peresenti. Mu 2019 Dr. Caroline Kramer wa ku Toronto, ku Canada, anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 10, n'kupeza kuti mwa oweta agalu chiopsezo cha imfa chinali chotsika ndi 24 peresenti.

Koma musathamangire kumsika. Manambalawa sakunena kuti galuyo ndiye mankhwala. Munthu wodwalika, woti kudzuka pampando n'kovuta, sangayambe n'komwe kuweta galu, ndiye mwina oweta agaluwo anali athanzi kale. Ndipotu kafukufuku wina wa ku Norway sanapeze kusiyana kwenikweni. Chimene chinandikoka maso pa za ku Sweden n'chakuti amene anapindula kwambiri ndi eni agalu a mitundu yosakira nyama, agalu osakhazikika amene amakanda chitseko m'mamawa mpaka mwini wake avale nsapato, kaya kunja kukugwa chipale chofewa. Ine ndikuona kuti phindu lagona pa kuyendako, komanso pa kukhala ndi chamoyo chokuyembekezera pakhomo.

Tsono galu wa kwathu kuno, uja amaswera pa unyolo kuseri kwa nyumba n'kumasulidwa usiku kuti auwe akuba, sangayendetse munthu.

Palinso chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatengera kwa agalu. N'chifukwa chake a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015.

Afunseni kaye bambo ngati amakonda agalu, komanso ngati dokotala amawalola kuyenda kamtunda tsiku lililonse. Akavomera, pezani galu wamkulu kale komanso wofatsa, osati kamwana kodumphadumpha koti n'kuwagwetsa, ndipo abayidwe katemera wa chiwewe asanalowe pakhomopo.