Kodi tinene kuti "sayansi ya ndale"?

Funso: Ndine Mmalawi, ndikuphunzira political science pa yunivesite ya Dar es Salaam. Anzanga kuno amati "sayansi ya siasa", koma nditauza agogo anga pafoni kuti ndikuphunzira sayansi ya ndale, anadandaula kuti ndapita kutali chonchi kukaphunzira bodza. Kodi ndinalakwitsa mawu?

Yankho: Funso lanu landikondweretsa kwambiri, chifukwa agogo anu anamva Chichewa chakale chimene ambiri tachiiwala. Mawu akuti ndale sanabadwire m'Nyumba ya Malamulo. Ife tili ana, pogwetsana kudambo tikuweta ng'ombe, ndale inali kukola mwendo wa mnzako ndi mwendo wako kuti agwe asakuyembekezera, ndipo mpaka lero timati "wanditchera ndale" munthu akatikonzera chiwembu mobisa. Ine sindikayika kuti makolo athu anasankha dala mawu amenewa ataona mmene ofuna maudindo amagwetserana.

Anzanu a Chiswahili alibe vuto limeneli. Siasa anaitenga ku Chiarabu, kumene tsinde lake linkanena za kuweta ndi kuwongolera akavalo, pomwe mawu a Chingerezi akuti politics anachokera ku Chigiriki, polis, kutanthauza mzinda. Onse awiri akunena za kusamala ndi kutsogolera, koma athu akunena za kugwetsa, n'chifukwa chake kungosintha siasa kukhala ndale sikukwanira. Nawo mawu akuti sayansi amachititsa munthu wakumudzi kuganiza za mankhwala ndi makina, osati za malamulo oyendetsera dziko, zisankho, zipani ndi ubale wa mayiko, zimene inu mukuwerenga.

Chimene chimandiwawa ndi kumva owulutsa mawu ena akunena kuti "mapolitishani" ngati kuti "andale" ndi mawu ochititsa manyazi. Kubwereka sindikukana: mu 1993, nthawi ya riferendamu, tonse tinkati "matipate", ndipo anatithandiza pa nthawi yake. Koma mawu athu akakhalapo, tiwagwiritse ntchito.

Polemba, nenani kuti "maphunziro a zandale ndi kayendetsedwe ka boma". Kachiwiriko kamachotsa fungo la chinyengo. Kwa agogo, auzeni kuti mukuphunzira mmene dziko limayendetsedwera, ndipo muwakumbutse kuti nduna ndi phungu anali pabwalo la mfumu ndi kuchinamwali asanafike ku Lilongwe. Mukatero muwafunse mmene milandu inkaweruzidwira kwanuko, chifukwa zimenezo zili m'kati mwa maphunziro anu.