Injector iliyonse ikhale ndi resistor yakeyake

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akumanga turbo pa injini ya masilinda anayi, ndipo wagula ma injector (zopopera petulo mu injini) akuluakulu amene pa multimeter (chida choyezera magetsi) akuonetsa ma ohm 2.5, pamene ECU yake (kompyuta yoyendetsa injini) inapangidwira a ma ohm 12. Akufunsa ngati angaike resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) imodzi yaikulu pa waya wodyetsa onse anayi.

Chonde bambo, musatero.

Injini ikamalira, magetsi amakhala pafupifupi ma volt 14. Gawani 14 ndi 12, muona kuti ECU yanu inazolowera kunyamula amp imodzi ndi kanthu pang'ono. Mukagawa 14 ndi 2.5 mupeza ma amp 5.6. Transistor ya mkati mwa ECU singapirire zimenezo, imatentha mpaka kupsa. Mukaika resistor ya ma ohm 6.8 pamzere umodzi ndi injector, zonse pamodzi zikhala 9.3, magetsi n'kutsika kufika pa amp 1.5. Makampani a Honda, Nissan ndi Mitsubishi ankachita zomwezi pa injini zina zakale, monga RB26DETT ya Nissan ndi 4G63 ya turbo ya Mitsubishi, ndipo m'kabokosi kawo injector iliyonse inali ndi resistor yakeyake.

Vuto la resistor imodzi limaonekera pamene mwaponda moto kwambiri. Ma injector amakhala otseguka nthawi yaitali, awiri kapena atatu n'kutsegukira limodzi. Akamalimbirana resistor imodzi, mphamvu yofika kwa aliyense imachepa, amachedwa kutseguka, ndipo petulo amaperewera pomwe turbo ikukankha mpweya wambiri. Apo ndi pamene pisitoni imasungunuka. Ndikulimbikira pa mfundoyi chifukwa galimoto ikangolira itaima, zonse zimamveka bwinobwino, munthu n'kuganiza kuti ntchito yatheka.

Kalumikizidwe kake n'kosavuta. Waya wa ma volt 12 wochokera ku relay, wodutsa pa fyuzi, mumugawe panayi. Nthambi iliyonse ilowe mu resistor, ituluke kupita ku phini imodzi ya injector. Phini inayo ipite ku ECU monga kale, poti ECU imatsegula injector poilumikiza ku ground (mbali ya negativi ya batire).

Za kutentha musazichepetse. Pa amp 1.5, resistor ya 6.8 imatulutsa pafupifupi ma watt 15 injector ikakhala yotseguka. Gulani za ma watt 25 za chikopa cha aluminiyamu, muzimange ndi mabawuti pa chitsulo chophwatalala, kutali ndi ekizozi ndi turbo.

Dziwaninso kuti resistor imachedwetsa kutseguka kwa injector, choncho manambala a dead time (nthawi imene injector imatenga kuti itseguke) mu ECU ayenera kusinthidwa, apo ayi injini izidzagwedezeka ikamalira galimoto itaima, makamaka batire ikafooka.

Kunena zoona, ngati ndalama ilipo, ine ndikanagula ma injector amakono a ma ohm ambiri, monga Bosch EV14, osavutikanso ndi ma resistor. Koma mukakhala ndi omwe mwagulawo, yezani nthambi iliyonse ndi multimeter musanalumikize ECU, zonse zinayi zifanane, ndipo musalowe mu boost (pamene turbo ikukankha mpweya wambiri) musanaike sensa ya wideband yoonetsa kuchuluka kwa petulo ndi mpweya.