Funsani Ba Anti: Kodi kuthamanga m'mawa mu June kumadwalitsa chibayo?

Ba Anti, ine ndinayamba kuthamanga mu March a nesi atandiuza kuti BP yakwera. Manje kwazizira, ndikatuluka 05:00 zala zimachita kuuma, mamina osaleka, ndipo ndikabwerako ndimakhosomola kwa kanthawi. Apongozi akuti chibayo ndikuchiputa dala. Ndisiye mpaka kutenthe?
Mayi wa ana awiri, Chilenje

Iyayi amama, musasiye. Chimfine ndi chibayo zimabwera ndi tizilombo, mphepo payokha sidwalitsa. Mu June ndi July timadwala kwambiri chifukwa timapanikizana mu minibasi mawindo onse otseka, wina akayetsemula kumbuyo uko tonse tapuma zomwezo mpaka ku town. Koma apongozi muwafotokozere mwaulemu, musakati Ba Anti akuti mwanama, ine milandu ya m'banja sindifuna.

Kukhosomolako n'chifukwa mpweya wa Lusaka nthawi ino ndi wouma, mvula inasiya kale mu April, tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 ndiye kuphatikiza fumbi, mukamapumira pakamwa kukhosi kumauma. Phimbani pakamwa ndi kansalu kopepuka poyamba thupi lisanatenthe. Koma ngati pachifuwa pakuthina kapena mukupuma ngati mluzu, pitani ku kiliniki akaone ngati si mphumu.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi zovala. Munthu avala chijekete chachikulu, mkati T-shirt ya kotoni, pofika pa Woodlands wanyowa yense ndi thukuta, ndiye abwerako aima pageti kucheza ndi aneba mphindi 20 malaya onyowa atamatirira kumsana, mphepo ikuwomba, apo ndiye mumanjenjemera mpaka mano kugundana. Valani moti potuluka muzimva kuzizira pang'ono, pakatha mphindi 10 mudzatenthedwa nokha. Jezi ya mpira ya pa salaula ku Soweto imauma msanga kuposa kotoni, pamwamba kajekete kopyapyala koti mumangirira m'chiuno mukatentha, kachipewa kophimba makutu. Magolovesi ngati mulibe, masokosi akale m'manja amagwira ntchito yomweyo, ine ndimavala a amuna anga ndipo sanazindikirebe.

Poti muli ndi BP, dziwani kuti kuzizira kumapanikiza mitsempha ndipo BP imakwerako pang'ono. Yambani ndi kudumphadumpha m'nyumba, kenako kuyenda ndawala, osangoti dzuku pabedi n'kuyamba liwiro. Mankhwala ngati anakupatsani musaleke, madzinso imwani ngakhale ludzu simukulimva.

Chimene chimandiopsa ine ndi mdima. Dzuwa mu June limatuluka cha m'ma 06:30, ndiye 05:00 wanuyo muli mumdima weniweni, ngalande zina zosavundikira, madalaivala akuthamangira ma trip oyamba. Valani zowala, thamangani kumanja kwa msewu kuti muziona galimoto ikubwera, ndipo pezani mnzanu. Mukafika vulani zonyowa musanagwire ngakhale ketulo, ndipo mbaula muothere panja kapena zenera lili lotsegula.