Musanalipire, gwadani kaye muone kumbuyo kwake

Achimwene, mwafunsa kuti geni yokatenga magalimoto ku Dar imayenda bwanji. Zamapepala mukafunse ejenti, ndi ntchito yake. Ine msewu wa Morogoro, Iringa mpaka Mbeya ndimaudziwa ngati kuseri kwa nyumba yanga, komabe Corolla ina yakale, NZE121, inatsala pang'ono kundigulitsitsa malata a padenga.

Ndinaitenga kwa dobadoba, penti waliwali, injini kulira bwino, ine kulipira osagwada n'komwe. Tikukwera phiri la Kitonga mnzanga amene ankanditsatira anaimba foni, akuti aise galimoto yakoyi ikuyenda chammbali ngati nkhanu. Ndinamuseka, chonsecho siteringi inali itapendekera kale msewu uli wowongoka. Kufika Mbeya tayala lakumbuyo kumanzere linali litadyeka mkati mpaka waya kuonekera, kunja kuli bwinobwino.

Ndiye pa boda, eee. Invoisi yanga a kasitomu anaikana, anaika mtengo wa m'mutu mwawo, masiku 4 ndikugona m'galimoto, bwana wosaina akuti watuluka, watuluka, uku ndalama za katapila zikuswana. Wina pa rodibuloko kudzandilipitsanso tayala lomwelo akumwetulira. Nkhope yake sindidzaiiwala.

Kumudzi ndinalipira alaimenti, yowongola mawilo ija, kawiri, ndalama zongotaya. Galimoto zimenezi kumbuyo zili ndi bimu, chitsulo chimodzi chogwira matayala onse awiri, palibe poti makaniko angakhwefule n'kusintha, chikapindika chapindika. Yanga inamenyedwapo kale, anangophimba ndi penti. Ndinakagula bimu ya galimoto yophwasula, mabushi ndi mashoka omwe, n'kugulitsa Corolla ija moluza.

Pano sindichita manyazi, ndimayenda ndi tepi ndi chingwe m'thumba. Yezani kuchoka pakati pa wilo yakutsogolo kufika yakumbuyo, mbali zonse ziwiri, zikasiyana thawani. Kanikizani buti mwamphamvu n'kusiya, ikanjanja kangapo mashoka anatha, muonenso ngati akudontha oilo. Kwezani jeke, gwedezani wilo, ikamalira khokhokho ndi bering'i kapena mabushi, zimenezo n'zotchipa, mungotsitsa nazo mtengo. Koma mukaona matayala atsopano kumbuyo kokha, akutsogolo ali akale, mufunseni mwini wakeyo kuti akale aja ali kuti. Ine mmodzi anandiyankha kuti anabedwa, ndinangotenga chikwama changa.